Mutu 8: Khola Ndi Lako, Nkhuku Ndi Zathu

Katoni ya anapiye a tsiku limodzi imapepuka modabwitsa. Mumakhala anapiye 100, koma mayi amatsika nayo minibasi atainyamula ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chikwama. Kunyumba amakhala atakonzeratu khola: pansi wathira utuchi, m'mawindo wakhoma masaka, pakati waika mbaula ya makala poti magetsi ndi osadalirika. Usiku woyamba sagona tulo. Anapiye akaunjikana pafupi ndi moto ndiye kuti akumva kuzizira, akathawira m'makona ndiye kuti kwatenthetsa. Kamwanapiye kalikonse kamalemera magalamu 40 kapena kuposerapo pang'ono, kupepuka kuposa dzira limene kanatulukamo.

Pakangotha masabata 6, kamwanapiye kaja kamakhala katadutsa makilogalamu awiri. Mnzake wachikuda wobadwa tsiku lomwelo amakhala akadali kulondola make kudzala, akuthawira kunsi kwa nkhokwe mphamba akadutsa.

Mutamufunsa mayiyu kuti nkhuku zimenezi ndi za yani, angakusekeni. Ndi zake, anagula ndi ndalama zokongola ku banki mkhonde. Koma pitirizani kumufunsa. Kodi angasungeko thadzi ndi tambala kuti ulendo wina asadzagulenso anapiye? Sangatero. Angazipatse madeya ndi mikute chakudya chogula chikamuthera? Sizingakule. Mtengo ukagwa pamsika, angadikire mwezi wina? Ayi, chifukwa tsiku lililonse lowonjezera, nkhukuzo zimakhala zikudya phindu lake. Malamulo onsewa sanawaike ndi iye. Anaikidwa kutali kwambiri, iye asanabadwe, ndipo kuti tiwamvetse tiyenera kupita ku America kumene nkhuku yoyera inachokera.

Anapiye obwera molakwitsa

Zaka 100 zapitazo, ngakhale ku America nkhuku inali ndiwo ya tsiku lapadera, monga zimakhalira kumudzi kukafika mlendo wolemekezeka. Anthu ankaweta nkhuku pofuna mazira. Yogwa mumphika inkakhala thadzi losiya kuikira kapena tambala wotsalira.

Mu 1923, Mayi Cecile Steele a m'katauni ka Ocean View, m'chigawo cha Delaware, anaitanitsa anapiye 50 oti adzawaikirire mazira. Wogulitsa analakwitsa n'kuwatumizira 500. M'malo mobweza, mayiwo anamangitsa kakhola, n'kuikamo chotenthetsera, ndipo anapiye atakula anagulitsa nkhuku 387 zimene zinapulumuka pa mtengo wa masenti 62 pa paundi. Phindu lake linawakomera. Pofika 1926 anali akuweta nkhuku 10,000, ndipo anansi awo anayamba kutengera. Mpaka lero dera limenelo, lotchedwa Delmarva, ndi limodzi mwa malikulu a nkhuku za nyama padziko lapansi.

Mayi Steele anali mwini wa zonse: khola, nkhuku, ndi ufulu wogulitsa kwa amene wawakonda. Ufulu umenewu sunakhalitse. M'zaka za m'ma 1930, ku Gainesville m'chigawo cha Georgia, kunali wogulitsa zakudya za ziweto dzina lake Jesse Jewell. Alimi a m'deralo anali atasauka thonje litawagwiritsa mwala, moti malonda ake sankayenda. Iye anaganiza zowapatsa anapiye ndi chakudya pa ngongole, nkhuku zikakula azizigula yekha n'kudula ngongoleyo. Patapita nthawi anatsegula malo oswetsera mazira ndi makina, kenako fakitale yophera nkhuku, kenako chigayo chopangira chakudya. Ku Arkansas nako John Tyson, amene anayamba ndi kunyamula nkhuku pa lole kupita nazo kumizinda, anatsata njira yofanana. Pang'ono ndi pang'ono, chilichonse kuyambira dzira mpaka nyama yokulungidwa m'pepala chinalowa m'manja mwa kampani imodzi. Chimene makampani anasiyira mlimi ndi gawo lofuna ngongole yaikulu ndi thukuta lambiri koma la phindu lochepa, lomwe ndi kulera nkhukuzo.

Nkhuku yoyamba kuumbidwa ndi phula

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya masitolo ya A&P, mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe wa dzikolo, inakonza mpikisano wotchedwa Chicken of Tomorrow, kutanthauza nkhuku ya mawa. Okonza mpikisanowo anaumba ndi phula chifaniziro cha nkhuku imene ankaifuna: yamnofu wochindikala pachifuwa, ya ntchafu zonenepa, yokula msanga ndi chakudya chochepa. Oweta anauzidwa kuti apeze nkhuku yamoyo yofanana ndi chidolecho. Mu ndime yomaliza ya 1948, oweta 40 anatumiza mazira, anapiye onse analeredwa mofanana kwa masabata 12, kenako anaphedwa n'kuyezedwa. Anapambana ndi Charles Vantress wa ku California, amene anakweretsa mtundu wa Cornish ndi wa New Hampshire. Nazo nkhuku zoyera za Henry Saglio wa pa famu ya Arbor Acres zinachita bwino kwambiri. Nthenga zoyera zinakondedwa pa chifukwa cha malonda basi: nkhuku ikasosoledwa, khungu lake silionetsa timadontho takuda.

Kuchokera pamenepo, chaka ndi chaka oweta akhala akusankha nkhuku zokula msanga kuposa zinzake n'kuzikweretsa. Zotsatira zake zinaonekera poyera mu 2014 pamene akatswiri a pa University of Alberta ku Canada analera pamodzi mitundu itatu, wa mu 1957, wa mu 1978 ndi wa mu 2005, n'kumaipatsa chakudya chimodzimodzi. Pa tsiku la 56, nkhuku ya mu 1957 inkalemera magalamu 905, ya mu 1978 magalamu 1,808, pamene ya mu 2005 inafika magalamu 4,202. Anthu ambiri amakhulupirira kuti nkhuku zoyera zimabayidwa jakisoni wokulitsa, koma kafukufukuyu akuonetsa kumene kuli chinsinsi. Chili m'magazi a mtunduwo.

Ubwino wake ndi wosakanika. Mu 1925 nkhuku ya ku America inkatenga masiku 112 kuti ifike kilogalamu imodzi ndi kanthu, ndipo inkadya chakudya choposa makilogalamu anayi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Lero imatenga masiku osakwana 50 kufika pafupifupi makilogalamu atatu, ikudya chakudya chosakwana makilogalamu awiri pa kilogalamu. Ndiye chifukwa chake nyama imene inali ya pa Khirisimasi ikupezeka pa chiwaya tsiku lililonse. Padziko lonse pakuphedwa nkhuku zoposa 70 biliyoni pa chaka, ndipo mabanja ambiri osauka akudya nyama imene makolo awo ankangoimva fungo.

Koma walira mvula walira matope. Thupi la nkhuku yoyera limakula mothamanga kuposa mafupa, mtima ndi mapapo ake. Aliyense amene anawetapo amadziwa nkhuku ija yongokhala pansi miyendo itatambalala, yolephera kufika pa madzi, kapena ija yonenepa bwino imene umaipeza m'mawa itafa chagada popanda kudwala. Makolo a nkhuku zimenezi amachita kuwamana chakudya dala, chifukwa atati adye mmene mtima wawo ukufunira anganenepe mpaka kulephera kubereka.

Pali chinanso chimene chinabwera ndi mpikisano uja. Nkhuku yoyera ndi haibulidi, ngati chimanga chija mlimi amagula chaka chilichonse. Imachokera kwa agogo anayi a mitundu yosiyana, ndipo mitundu yeniyeniyo imasungidwa m'makola otetezedwa kuposa banki. Amene amagulitsidwa kwa oswetsa anapiye ndi ana kapena adzukulu ake okha. Ukayesa kusunga mbewu kuchokera ku nkhuku zako, anapiye ake satuluka ofanana ndi makolo awo. Kale makampani osunga mitunduyi analipo ambiri, koma akhala akumezana mpaka lero nkhuku zoyera zochuluka padziko lapansi zikuchokera ku makampani awiri: Cobb-Vantress, ya kampani ya Tyson Foods ya ku America, ndi Aviagen, ya EW Group ya ku Germany, imene ili ndi mitundu ya Ross, Arbor Acres ndi Hubbard. Maina a opambana a 1948 aja ndi omwewa. Anapiye a m'katoni ya mayi uja, kaya anawagula ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, mzere wa makolo awo ukautsatira umakathera pa khomo la imodzi mwa nyumba ziwirizi.

Waganyu pakhomo pake

Lero ku America nkhuku zoposa 95 pa 100 zilizonse za nyama zimaleredwa pa kontalakiti. Mgwirizano wake umayenda motere. Kampani imabweretsa anapiye, chakudya ndi mankhwala, ndipo zonsezi zimakhalabe zake. Mlimi amapereka malo, khola, magetsi, gasi wotenthetsera, madzi ndi manja ake. Khola limodzi limatalika mamita 150 kapena kuposa, mumalowa nkhuku zoposa 20,000, ndipo kulimanga kumadya madola mazana a masauzande. Alimi ambiri amamanga makola angapo ndi ngongole ya kubanki yobweza zaka 10 kapena 15, chikole chake ndi munda ndi nyumba. Koma kontalakiti ya kampani nthawi zambiri imakhala yaifupi kuposa ngongoleyo, ndipo ina imangotha ndi gulu limodzi la nkhuku.

M'mawa uliwonse mlimi wotere amalowa m'khola ndi ndowa. Mulibe mawindo, kuwala ndi kwa mababu ozimirira, kumapeto kuli mafani akuluakulu okoka mpweya usana ndi usiku. Fungo la zitosi limalasa m'mphuno ndi m'maso. Amayenda pang'onopang'ono, nkhuku zikupatuka monyinyirika, akutola zakufa n'kulemba chiwerengero pa pepala lopachikidwa pakhomo. Zamoyo zonsezo ndi za kampani. Zakufa ndi zitosi ndi zake, aone yekha kokataya.

Malipiro ake amawerengedwa mwa mpikisano. Alimi onse amene nkhuku zawo zaphedwa sabata imodzi amaikidwa pa mndandanda potengera chakudya chimene chalowa pa paundi iliyonse ya nyama. Amene ali pamwamba amalandira bonasi, koma bonasiyo imadulidwa kwa anzawo amene ali pansi. Kampani siiluzapo kanthu. Makampani amanena kuti njirayi imalimbikitsa khama, ndipo n'zoona kuti kontalakiti imamuchotsera mlimi nkhawa yosaka msika ndi kugwa kwa mitengo. Alimi ena amapeza nayo bwino ndithu. Vuto ndi loti zinthu zimene zimapambanitsa munthu pa mpikisanowu sizili m'manja mwake. Sasankha anapiye, mwina alandira ochokera ku mathadzi aang'ono kapena okalamba, omwe ana awo amakhala ofooka. Sadziwa zimene zasakanizidwa m'chakudya. Sikelo ndi ya kampani, tsiku lodzatenga nkhuku ndi la kampani. Kampani ikanena kuti aike mafani atsopano, amakakongolanso, apo ayi anapiye sabwera.

Nanga bwanji osangosamukira ku kampani ina? Nkhuku zamoyo sizinyamulidwa mtunda wautali, choncho mlimi amadalira fakitale yapafupi. Kafukufuku wa unduna wa zamalimidwe wa dzikolo wa mu 2011 anapeza kuti pafupifupi theka la alimi a nkhuku anali ndi kampani imodzi kapena ziwiri zokha m'dera lawo. Khola lalitali lopanda mawindo silingasanduke china chilichonse chobweza ngongole. Mu 2010 boma litaitanitsa msonkhano ku Alabama kuti limve madandaulo, alimi amene analankhula ananena kuti anzawo ambiri sanabwere poopa kulandidwa kontalakiti.

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Lundazi amene analimapo pa kontalakiti sangafune womasulira pa nkhani imeneyi. Amadziwa kukoma kolandira feteleza ndi mbewu pakhomo, amadziwanso mmene mtima umagundira poona pepala la malipiro ngongole itadulidwa, mlingo wa fodya wake atauika ndi wogula yemweyo.

Mphamvu zikaunjikana m'manja ochepa, wogula nyama naye sapulumuka. Makampani anayi okha amagulitsa nkhuku zoposa theka ku America. Mu 2021 kampani ya Pilgrim's Pride, imene gawo lake lalikulu ndi la JBS ya ku Brazil, inavomera mlandu wogwirizana mitengo ndi makampani anzake ndipo inalipira chindapusa choposa madola 107 miliyoni. Chaka chomwecho Tyson Foods inavomera kupereka madola 221.5 miliyoni kuti ithetse milandu yotere imene ogula anaisumira, ngakhale sinavomere kuti inalakwa.

Mtengo wosalembedwa pa lisiti

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuku yotchipa ili ndi mitengo ina imene amalipira ndi anthu oti mwina sanadye n'komwe.

Woyamba ndi wa mankhwala. Cha m'ma 1950, akatswiri a kampani ya mankhwala ya Lederle, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, anatulukira kuti kuthira maantibayotiki pang'ono m'chakudya kumakulitsa anapiye msanga. Posakhalitsa mankhwala ochizira anthu anasanduka ndiwo ya tsiku ndi tsiku ya nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe zosadwala. Ankathandizanso kuti ziweto zothithikana zisamagwe ndi matenda. Koma tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepa tsiku lililonse, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Mu 1976 Dokotala Stuart Levy anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa zimenezi pa famu ina pafupi ndi Boston. Anapatsa nkhuku chakudya chothira tetracycline, ndipo m'masiku ochepa m'matumbo mwa nkhukuzo munadzaza tizilombo tosamva mankhwalawo. Patatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, tizilombo totere tinachulukanso m'matumbo mwa anthu a pabanjapo, omwe sankamwa mankhwala aliwonse. Dziko la Sweden linaletsa mchitidwewu mu 1986, maiko a European Union mu 2006, ndipo America inatsatira mu 2017 pa mankhwala ofunika kuchipatala. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu magazini ya The Lancet anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa ndi tizilombo tosamva mankhwala. Zoyambitsa zake n'zambiri, kuphatikizapo kumwa mankhwala mwachisawawa kwa anthufe, koma ziweto zili ndi gawo lake. Kwathu kuno, komwe paketi ya mankhwala a nkhuku imagulidwa ngati shuga ndipo ena amagulitsa nkhuku dzulo lake itamwa mankhwala, nkhaniyi ndi yathu.

Wachiwiri ndi wa zitosi. Zitosi za nkhuku khumi ndi dalitso kudimba. Za nkhuku mamiliyoni m'dera limodzi nthaka imalephera kuzimeza, mvula imazikokolera kumitsinje, ndere zimamera mpaka kutha mpweya m'madzi, nsomba n'kufa. Nyanja ya Chesapeake Bay, yoyandikana ndi kwawo kwa Mayi Steele, yakhala ikuvutika ndi zimenezi kwa zaka zambiri. Mu 2005 boma la chigawo cha Oklahoma linasumira Tyson ndi makampani ena chifukwa choipitsa mtsinje wa Illinois. Chigamulo chokomera bomalo chinatuluka mu 2023, patatha zaka pafupifupi 18. Nthawi yonseyi makampani ankanena kuti zitosizo ndi za alimi.

Wachitatu ndi wa anthu ogwira ntchito m'mafakitale ophera nkhuku, amene ambiri ndi obwera kuchokera kumaiko ena. Nkhuku zimayenda zitapachikidwa pa tcheni, 140 pa mphindi imodzi, m'mafakitale ena mpaka 175. Wantchito amabwereza kadulidwe kamodzimodzi kambirimbiri pa tsiku mpaka manja kuchita dzanzi. Mu 2016 bungwe la Oxfam America linatulutsa lipoti loti ena ankavala matewera kuntchito chifukwa chokanizidwa kupita kuchimbudzi.

Wachinayi ndi wosaoneka mpaka tsiku la tsoka. Dongosolo lonseli lili ngati njinga yothamanga yopanda mabuleki. Mu April 2020, matenda a Covid-19 atachepetsa antchito m'mafakitale, nkhuku pafupifupi 2 miliyoni zinaphedwa n'kutayidwa ku Delmarva komweko, pa nthawi imene anthu ochotsedwa ntchito ankaima pa mizere kudikira chakudya chaulere. Nkhukuzo sizikanadikira, ndipo kunalibe kwina kozipititsa. Chimfine cha mbalame nacho chikalowa m'khola la nkhuku zofanana magazi ndi zothithikana, lamulo ndi kupha zonse. Kuyambira February 2022 America yataya mbalame zoweta zoposa 100 miliyoni, ndipo mu March 2025 mazira 12 anafika pa madola oposa 6. Ku South Africa mliri wa mu 2023 unaphetsa nkhuku mamiliyoni, masitolo mpaka kuyamba kuwerengera munthu mazira oti agule.

Ntchafu zowoloka nyanja

Ogula a ku America ndi ku Ulaya amakonda mnofu woyera wa pachifuwa ndipo amaulipira bwino. Kampani ikapeza ndalama zake pamenepo, ntchafu, mapiko ndi misana zimakhala ngati zotsala, zoti ingagulitse pa mtengo uliwonse. Zimaumitsidwa m'firiji n'kukwezedwa sitima. Zikafika ku Africa zimatchipa kuposa nkhuku yoleredwa komweko.

Ku Ghana, dziko limene kale linkadziwetera nkhuku zake zambiri, lero nyama ya nkhuku yochuluka imene anthu amadya imachokera kunja. Ku Cameroon zinthu zinkalowera komweko mpaka mu 2004 pamene bungwe la nzika la ACDIC, motsogozedwa ndi Bernard Njonga, linayamba kampeni yoonetsa alimi amene anagwa komanso kuopsa kwa nyama yosungunuka n'kuumitsidwanso panjira. Boma linachepetsa zolowa, ndipo ulimi wa nkhuku wa m'dzikomo unadzukanso. South Africa inayesa kudziteteza ndi misonkho, koma mu 2015 America inaopseza kuti iichotsera mwayi wa malonda wa pangano la AGOA, ndipo dzikolo linalola kuti matani 65,000 a nkhuku ya mafupa ya ku America azilowa chaka chilichonse popanda msonkho wapadera uja. Abale athu a ku Joni amawadziwa bwino mapaketi a zidutswa zoumitsidwa. Kwa munthu wolandira pang'ono ndi chipulumutso, ndipo mtsutso wake ndi wovuta pa chifukwa chomwecho: wogula wosauka ndi mlimi wosauka amapezeka ali mbali zosiyana za sikelo.

Kubwerera kukhola la kuseri kwa nyumba

Ku Malawi ndi ku Zambia nkhuku zoumitsidwa za kunja sizinasefukire ngati ku Ghana. Chingwe chathu chamangidwa pena, pa anapiye ndi pa chakudya. Chakudya chokha chimadya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zolerera nkhuku yoyera, ndipo chimapangidwa ndi chimanga ndi soya, mbewu zimene alimi athu amalima okha. Koma pakati pa mlimi wa soya wa ku Mchinji ndi mayi wa anapiye 100 uja pali makampani owerengeka. Nthawi zambiri kampani yomweyo, kapena abale ake, ndi imene imagula soya, kumuyenga mafuta, kupanga chakudya, kuswetsa anapiye, kenako n'kugulitsa nkhuku zake zososoledwa kale pamsika womwewo umene mayiyu akudalira. Amene akumugulitsa zipangizo ndi yemwenso akupikisana naye. Akatswiri a pa University of Johannesburg amene anafufuza msika wa nkhuku ku Malawi anapeza kuti cha m'ma 2021 ndi 2022 mitengo ya chakudya ndi anapiye inakwera kwambiri kuposa mtengo wa nkhuku, moti oweta ang'onoang'ono anapanikizika pakati. Ku Zambia, mu 2018 bungwe loona za mpikisano pa malonda linalamula makampani anayi oswetsa anapiye kulipira chindapusa litawapeza kuti ankapangana za kagulitsidwe ndi kuchuluka kwa anapiye.

Apa m'pamene ntchito ya mabungwe ngati Competition and Fair Trading Commission ya ku Malawi, komanso bungwe la COMESA loona za mpikisano limene likulu lake lili ku Lilongwe, imakhudzira mphika wa munthu wamba. Kampani ikafuna kugula inzake, funso loyenera si la kukula kwa ndalama zobwera m'dziko lokha, komanso la makomo angati amene atsale otsegula kwa mlimi. America inali ndi lamulo loteteza oweta kuyambira 1921, koma lamulo losagwiritsidwa ntchito ndi khasu lopanda mpini.

Oweta nawo ali ndi pogwira. Mutu umodzi susenza denga: magulu amene amagula chakudya pamodzi, kapena kudzisakanizira okha kuchokera ku chimanga ndi soya wawo motsata malangizo a alangizi a ziweto, amadula gawo lalikulu la ndalama zimene zikanapita kwa ena. Amene wapatsidwa kontalakiti ya mbewu kapena chiweto chilichonse, asanadinde chala afunse zinthu zinayi: sikelo ndi ya yani, mlingo aika ndani, zikafa kapena zikapsa ndi dzuwa aluza ndani, ndipo kontalakitiyo ndi yaitali bwanji poyerekeza ndi ngongole.

Tisanamizane kuti nkhuku yachikuda ingadyetse yokha Blantyre ndi Lusaka. Imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ikule, imaikira mazira ochepa, ndipo chitopa chikadutsa m'mudzi chimasesa makola onse. Komabe chitopa chili ndi katemera wa I-2 wodontheza m'diso, wotchipa ndiponso wopirira kutentha, ndipo pali mitundu ngati mikolongwe imene imapereka mazira ndi nyama yomwe popanda kufuna chakudya chodula chokhachokha. Pamsika nkhuku yachikuda imagulidwa mokwera kuposa yoyera, ndipo mwini wake akakana mtengo amabwerera nayo kunyumba osaluza kanthu.

Mayi uja amazidziwa zonsezi popanda kuwerenga buku. Sabata yachisanu ndi chimodzi ikakwana amakhala pa foni kuyambira m'mawa, kuimbira a malesitilanti, a chiwaya ndi anzake a kutchalitchi, thumba lomaliza la finisher likutha m'maso muli gwa. Ena amatenga pa ngongole yolipira pakutha pa mwezi, ndipo amalola chifukwa nkhuku ikagona m'khola idyanso mawa. Akawerengera zotsala amapatula za katoni ina, poti sukulu fizi siidikira. Koma kuseri kwa khitchini, m'dengu lakutha, muli thadzi lake lamawangamawanga limene likufungatira mazira 12. Limenelo sagulitsa ngakhale wina atabwera ndi ndalama m'manja. Pakatha masiku 21 lidzatuluka ndi anapiye opanda lisiti.